Takukwezani, Kuyambira Lolemba Ndinu Kapitawo

M'galaja iliyonse yaikulu mumakhala makaniko mmodzi amene anzake onse amamudalira. Galimoto ikakanika, ena atayesayesa mpaka kutaya mtima, iye amangofika, kutchera khutu ku injini, n'kunena kuti vuto lili pa pampu ya mafuta. Akatsegula amapezadi kuti ndi pomwepo. Munthu wotere sachedwa kuonekera. Tsiku lina eni galaja amamuitanira mu ofesi n'kumupatsa kalata: takukwezani, kuyambira Lolemba ndinu kapitawo. Malipiro akwera pang'ono, makiyi a kosungira zipangizo ali m'thumba mwake, ndipo anyamata amene dzulodzuloli ankagawana nawo chipisi pa nkhomaliro tsopano ali pansi pake.

Lolemba likafika, zimene zikumudikira si injini. Wina wafika 9 koloko akununkha mowa wa dzulo. Wina, bambo wachikulire amene anamuphunzitsa iyeyo kugwira sipanala, akungomuyankha ndi mutu. Wachitatu anamanga mabuleki mosalimbitsa, ndipo mwini galimoto wabwerera, akulalata pageti. Pa zaka zonse zimene wakhala akugona pansi pa magalimoto, palibe anamuuzapo chochita ndi zinthu zotere. Ndiye mwina amalanda sipanala n'kumagwira yekha ntchito ya anthu onse, kuweruka mdima utagwa, anyamata akungomuonerera. Apo ayi amayamba kukalipa, poti ndi mmene ankachitira kapitawo amene iye anakulira pansi pake. Chaka chikamatha, galaja ija yataya makaniko wake wabwino, ndipo kapitawo wabwino sinamupeze.

Zomwezi zimachitikira namwino waluso akapatsidwa wodi, mphunzitsi wokhozetsa masamu akapatsidwa sukulu yonse, ndi wogulitsa malonda wakhama akapatsidwa nthambi ya kampani. Timakweza munthu poona ntchito imene akuisiya, n'kuyembekeza kuti imene akuiyambayo aidziwira yekha. Mu 1969 mphunzitsi wina wobadwira ku Canada, Laurence Peter, analemba buku lofotokoza kuti m'mabungwe anthu amakwezedwabe mpaka atafika pa udindo umene sautha, ndipo amakhazikika pomwepo. Patatha zaka 50, mu 2019, akatswiri atatu, Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue, anasindikiza kafukufuku wa anthu ogulitsa malonda m'makampani ambiri a ku America. Anapeza kuti makampani ankakonda kukweza ogulitsa kwambiri, koma ogulitsa kwambiriwo akakhala mamanijala, anthu awo ankagulitsa mochepa poyerekeza ndi a mamanijala ena. Amene ankayendetsa bwino anthu anali aja amene, asanakwezedwe, anazolowera kugwirira limodzi ndi anzawo.

Sindikunena kuti munthu waluso asamakwezedwe. Akwezedwe, wagwirira ntchito. Chimene chimandiwawa n'chakuti akangokwezedwa timamusiya yekha, ngati kuti kuyendetsa anthu n'chibadwa. Ndi luso lophunzitsika monga kuwotcherera, ndipo amene saliphunzitsidwa amangotengera zimene anaona.

Ndiye tidzifunse kuti zimene tinaona kuno kwathu n'zotani. Ntchito yolembedwa inafika m'dziko muno limodzi ndi minda ya atsamunda, msonkho ndi thangata. Kapitawo wa nthawi imeneyo ntchito yake inali kuyeza ndime, kulemba masiku pa tikiti ndi kuonetsetsa kuti msana wa munthu sukuweramuka. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, amene ankayang'anira anali William Jervis Livingstone, wodziwika ndi nkhanza kwa antchito komanso kutentha matchalitchi a anthu a John Chilembwe. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu oukira anamupha m'nyumba mwake, ndipo bungwe limene boma la atsamunda linakhazikitsa kuti lifufuze za kuukirako linavomereza kuti anthu ankazunzika pa esitetiyo. Thangata sinathe mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kenako panabwera zaka 30 za ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, pamene ngodya zinayi zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo kufunsa wamkulu funso lolakwika kunkatha kumutayitsa munthu ntchito, mwinanso ufulu. Agogo athu ndi makolo athu anaphunzira ntchito m'nyengo zimenezi. N'zosadabwitsa kuti mpaka lero ambiri akamva zoti bwana, m'mutu mumabwera munthu woopedwa, amene akalowa macheza amathera pomwepo.

Komatu tili ndi chithunzi china cha mkulu, cha kwathu komweku. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mfumu yodziwa ntchito yake pabwalo imamva wodandaula, imamva woyankha mlandu, imafunsa nduna, ndipo imayankhula pomalizira. Luso lomvetsera tili nalo, koma tikavala tayi kapena ovolosi timalisiya pageti.

Umboni woonekeratu woti ukapitawo umaphunzitsika unachokera ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amuna odziwa ntchito anapita kunkhondo, mafakitale anadzaza ndi anthu atsopano, ambiri mwa iwo amayi amene anali asanagwirepo makina, pamene ndege, zombo ndi zida zinkafunika mwamsanga. Mu 1940 boma linayambitsa ndondomeko yotchedwa Training Within Industry. Oyendetsa ndondomekoyi anaona kuti khosi la ntchito yonse ndi kapitawo, munthu woyamba pamwamba pa ogwira ntchito, choncho anayamba ndi iyeyo. Maphunziro ake anali a maola 10 okha: masiku asanu, maola awiri patsiku, kagulu ka anthu pafupifupi 10, pafakitale pomwepo. Pofika 1945 anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka anali ataphunzira.

Tsiku loyamba mphunzitsi ankabwera ndi waya wa magetsi. Ankaitana kapitawo mmodzi kutsogolo n'kumufotokozera pakamwa pokha, manja ali kumbuyo, mmene amamangira mfundo ina imene amagetsi amamanga kuti waya asazuke. Akamupatsa wayayo, kapitawo ankalephera. Ankaitana wachiwiri, n'kumanga mfundoyo iye akuona, osanena kanthu. Nayenso nthawi zambiri ankalephera, chifukwa waonera kutsogolo, manja akuoneka mopingasa. Wachitatu ankamuimika pambali pake kuti aone monga mmene adzaonere akamamanga yekha, n'kumufunsa kaye zimene akudziwa kale za mawaya. Kenako ankamanga pang'onopang'ono akutchula sitepe iliyonse, n'kubwerezanso akutchula pamene pagona chinsinsi. Akatero ankamupatsa wayayo kuti amange akufotokoza yekha zimene akuchita, mpaka mphunzitsi atakhutira kuti wadziwadi. Pomaliza ankamuuza woti azimufunsa akakakamira. Makapitawo onse m'chipindamo ankadzionera okha kuti njira ziwiri zoyamba zija ndi zimene akhala akuphunzitsira anthu awo zaka zonse, kenako n'kumawanena kuti ndi mbuli. Masiku otsatirawo aliyense ankabweretsa ntchito yeniyeni ya kumalo kwake, n'kuiphunzitsa pamaso pa anzake.

Mfundo yawo inali yolimba: wophunzira akalephera, funso liyambe lapita kwa womuphunzitsa. Taganizirani kapitawo wa m'galaja uja atamva zimenezi sabata yoyamba. Mnyamata wa mabuleki sakanangomulalatira. Akanaima naye pambali pa gudumu n'kumuuza kuti, “Mng'ono wanga, manga ndione, ndipo uzindiuza chimene ukuchita.” Pa mphindi zochepa akanadziwa ngati vuto ndi ulesi kapena ngati mwanayo sanauzidwepo kuti mabawuti amamangidwa modumphitsa, osati motsatizana.

Gawo lina la maphunzirowo linali la kukhala ndi anthu. Kapitawo ankauzidwa kuti munthu aliyense azidziwa mmene ntchito yake ikuyendera, aziyamikiridwa pamene wachita bwino nthawi isanapite, aziuzidwiratu za kusintha kumene kumukhudze, ndipo luso lake lizigwiritsidwa ntchito. Pakabuka vuto, ayambe wapeza zoona zake, kuphatikizapo maganizo a mwini wakeyo, asanagamule, ndipo akagamula abwererenso kukaona ngati zathandiza. Zikumveka zapafupi, koma milandu yambiri imene imafika ku khoti la Industrial Relations Court imachokera pa kudumpha sitepe yoyambayi. Lamulo lathu la Employment Act la 2000, mu gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe kaye mpata wodziteteza. Kapitawo amene mumkwiyo wanena kuti “tuluka, usadzabwerenso” angathe kuluzitsa kampani mlandu ngakhale wantchitoyo atalakwadi. Kulinso lamulo la Gender Equality Act la 2013 limene limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kuphatikizapo za pantchito. Mtsikana amene akuvutitsidwa kawirikawiri amayamba wauza womuyang'anira wapafupi, ndipo chimene woyang'anirayo anene mphindi yoyambayo n'chimene chimatsegula kapena kutseka nkhani yonse. Kukweza munthu osamukhazika pansi ndi malamulo awiriwa n'kumuika pamsampha, iyeyo ndi anthu ake omwe.

Nkhondo itatha, Amerika anaitaya ndondomeko ija, koma inakafika ku Japan, kumene makampani monga Toyota anaitola n'kumangirapo njira zawo. Zotsatira zake zinadzaonekera ku America komweko patapita zaka zambiri. Ku Fremont, m'chigawo cha California, kampani ya General Motors inali ndi fakitale ya mbiri yoipa: kunyanyala ntchito pafupipafupi, kumwa mowa pantchito, magalimoto otuluka ndi zilema, ndipo tsiku lililonse pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu sankabwera. Anaitseka mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso pansi pa dzina loti NUMMI, General Motors itagwirizana ndi Toyota, ndipo ambiri mwa amene analembedwa anali anthu omwe aja amene ankatchedwa osamva. Magulu a antchito ndi atsogoleri awo anatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kukagwira ntchito limodzi ndi anzawo a kumeneko. Pasanapite zaka ziwiri, magalimoto a ku Fremont anali m'gulu la abwino koposa m'mafakitale onse a General Motors, ndipo ojomba anatsika kufika pa awiri kapena atatu mwa 100 alionse.

Chimene ogwira ntchito akale a kumeneko amakumbukira kwambiri ndi chingwe. Kale lamulo linali loti mzere wa magalimoto usaime zivute zitani, ndipo wolakwitsa ankangosiya galimoto ipite ndi chilema chake, poopa kapitawo. M'njira ya Toyota, pamwamba pa munthu aliyense pankadutsa chingwe. Ukaona vuto, ngakhale walichititsa ndiwe, umakoka. Nyali imayaka, mtsogoleri wa kagulu kanu ka anthu ochepa amathamangira pamenepo kudzakuthandiza, ndipo ngati vuto silikutheka msanga, mzere wonse umaima. Anthu anali omwewo, ndipo bungwe lawo la antchito linali lomwelo. Chinasintha ndi nkhope imene munthu amakumana nayo akanena kuti pano zalakwika.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife kwambiri. Ndife anthu aulemu, ndipo ulemu wathu ndi chuma chimene sindingafune kuti titaye. Koma pantchito ulemu womwewo umabisa zambiri. Bwana akafunsa kuti zikuyenda bwanji, yankho limakhala lakuti “zili bwino, bwana,” pamene jenereta yatsala ndi mafuta a tsiku limodzi. Pamsonkhano onse amagwedeza mitu, zoona zake n'kukatulukira pansi pa mtengo panja, kapena pa gulu la WhatsApp limene bwana salimo. Mtsogoleri amene amamva nkhani zabwino zokhazokha asamadzitame kuti zinthu zikuyenda, chifukwa anthu ake aphunzira kuti uthenga woipa umapweteketsa woubweretsa. Amy Edmondson, wa ku yunivesite ya Harvard, atafufuza magulu a anamwino ndi madokotala m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anapeza chinthu chimene chinamudabwitsa: magulu oyendetsedwa bwino ndi amene ankalemba zolakwika zambiri pa kaperekedwe ka mankhwala. Atafufuzanso anaona kuti m'magulu amenewo anthu anali omasuka kuulula, pamene m'magulu a mabwana oopedwa zolakwika zinkakwiriridwa.

Kumasula anthu kotereku sikuchitika ndi chikwangwani chonena kuti khomo la ofesi ndi lotsegula. Kumachitika tsiku limene wantchito wamng'ono wabwera akunjenjemera kudzanena kuti wataya lisiti kapena wathyola chipangizo, anzake akumvetsera kuseri. Mtsogoleri akayamba ndi mawu oti “mwachita bwino kundiuza msanga, tiyeni tione,” sabata yamawa amva zina ziwiri zimene zikanadzaphulika mtsogolo. Funso nalonso limafunika kulisintha. M'malo mofunsa ngati zonse zili bwino, afunse kuti, “Chikukuchedwetsani n'chiyani lero?” Ndipo kwa bambo wachikulire uja amene akuyankha ndi mutu, njira ilipo ya kwathu: kupita kwa iwo pawekha, osati pagulu, n'kunena kuti, “Madala, ntchitoyi munandiphunzitsa ndinu. Udindowu sindingauthe popanda inu, ndithandizeni kuwaongola anyamatawa.” Pamenepo ulemu waperekedwa ndipo udindo sunatayike.

Nanga maphunziro amenewa azichitikira kuti? Malo ophunzitsira utsogoleri tili nawo. Sukulu ya ku Mpemba yakhala ikusula ogwira ntchito m'boma kuchokera m'zaka za m'ma 1960, Malawi Institute of Management ya ku Kanengo inadza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo lamulo la 2022 linaphatikiza ziwirizi kukhala Malawi School of Government. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ntchito ya mabungwe amenewa ndi yofunika. Koma tonse tikudziwa mmene mawekishopu ambiri amayendera. Amapita ndi akuluakulu a pamwamba, ku Mangochi, ku Salima kapena ku Mponela, masiku atatu, ndipo nkhani imene imakambidwa kwambiri m'makonde ndi ya alawansi. Kapitawo, sisitala woyang'anira wodi, hedi wa sukulu ya kumudzi, amene amakhala ndi anthu maola asanu ndi atatu patsiku, sapezeka pa mndandanda. Amene apitawo akabwerako, fayilo imakalowa m'kabati, ndipo palibe amafunsa kuti Lolemba asintha chiyani.

Kafukufuku amene anachitika ku India akusonyeza kumene phindu lenileni limachokera. Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake, mmodzi mwa iwo wa ku World Bank, anatenga mafakitale owomba nsalu a kufupi ndi Mumbai n'kuwagawa mwamaere. Ena anangowayendera n'kuwapatsa malangizo. Enawo anawatumizira alangizi amene anakhala nawo miyezi ingapo m'fakitale momwemo, akugwira ntchito ndi mamanijala. Zimene ankaphunzitsa sizinali zozama: kulemba chilema chilichonse cha nsalu tsiku ndi tsiku n'kukambirana m'mawa mwake, kukonza makina asanawonongeke, kuchotsa zinyalala pansi, kudziwa ulusi umene uli m'nkhokwe. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2013 zinali zoti m'chaka choyamba ntchito ya mafakitale othandizidwawo inakwera ndi 17 peresenti. Eni ake ambiri anali asanachitepo zinthu zimenezi chifukwa zina sankazidziwa, ndipo zina ankaziona ngati zotaya nthawi.

Ofufuzawo anaonanso chinthu china chimene aliyense wodziwa mabizinezi a ku Limbe kapena ku Malangalanga angachizindikire msanga. Kukula kwa kampani kunkayendera chiwerengero cha amuna a m'banja la mwini wake. Mwini sankakhulupirira munthu wakunja kuti agule zinthu kapena ayendetse fakitale, choncho wokhala ndi abale ndi ana aamuna ambiri ndi amene ankatsegula mafakitale ambiri. Kumene zolemba za tsiku ndi tsiku zinayamba kusungidwa, eni ake anayamba kumasula manja, chifukwa tsopano ankatha kuona zimene zikuchitika popanda kuimirira pamenepo. Kusiyira ena ntchito kumavuta pamene ulibe njira yodziwira ngati yagwiridwa. Tili nawo mabwana amene satenga tchuthi zaka zingapo, amene cheke, kiyi ndi chidindo zonse zimayenda m'chikwama chawo, moti akapita kumaliro kumudzi ofesi imaima mpaka abwere. Ambiri mwa iwo si odzikonda. Amaopa, chifukwa sanaonetsedwepo mmene ungaperekere ntchito pang'onopang'ono: kunena momveka chimene chikufunika ndi tsiku lake, kugwirizana malire a zimene munthu angagamule yekha, kupangana nthawi yodzaonana, ndi kudziletsa kuti usailande ikangopotoka pang'ono.

Patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi kuchokera pamene kafukufukuyo anayamba, mu 2017, ofufuza aja anabwereranso ku mafakitale a ku India. Anapeza kuti othandizidwa aja anali patsogolobe, koma pafupifupi theka la njira zimene anaphunzira anali atazisiya. Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali choti mamanijala amene anaphunzitsidwa anachoka, ndipo luso linapita nawo. China chinali choti eni ake anatanganidwa ndi zina n'kusiya kufunsa.

Pamenepa pali ntchito ya amene amasaina makalata okweza anthu. Munthu asanapatsidwe kalatayo, ayambe wagwirizira udindowo pamene mwini wake ali patchuthi, ndipo akabwerako akhale pansi awiriwo n'kukambirana zimene zinavuta. Akapatsidwa, miyezi yoyambirira akhale ndi mkulu wina womuyendera sabata iliyonse, ngakhale kwa theka la ola, kumufunsa za anthu ake mmodzimmodzi, osati za ziwerengero zokha. Aonetsedwe gawo 57 asanakumane ndi mlandu wake woyamba. Poyesa ntchito yake kumapeto kwa chaka, pakhale funso loti waphunzitsa ndani, ndipo ndani angagwire udindowu iye atadwala mawa. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama za galimoto kapena za hotela, zimafuna nthawi ya mkulu amene ali pamwamba pake. Ndipo makaniko amene sakufuna n'komwe kuyang'anira anthu, amene mtima wake uli pa injini, pakhale njira yomukwezera malipiro ndi ulemu ali pa injini pomwepo, kuti asakakamizike kulandira ukapitawo chifukwa choti ndi khomo lokhalo lopezera ndalama ya fizi ya ana.